Wodwala wopanda womunyamula: kodi mpikisano ungagawe mwachilungamo ndalama za chitukuko?

Mu Seputembala 2022 boma la America linalengeza mayina a madera 21 amene anapambana mpikisano wotchedwa Build Back Better Regional Challenge. Ndalama zonse zinali madola 1 biliyoni, zochokera m'thumba lodzutsira chuma pambuyo pa mliri wa Covid-19, ndipo dera lililonse lopambana linalandira pakati pa madola 25 miliyoni ndi 65 miliyoni kuti likhazikitse mafakitale, malo ochitira kafukufuku ndi maphunziro a ntchito zamakono. Magulu amene anapikisana poyamba anali 529. Pa amenewo anasankhapo 60, ndipo pa 60 aja panatsala 21. Mwa opambanawo munali madera amene anthu ake avutika kwa zaka zambiri, monga midzi ya migodi ya malasha ku West Virginia ndi chigwa cha alimi chozungulira Fresno ku California, choncho palibe wa mtima wabwino amene angawachitire nsanje. Koma magulu 508 sanapate thandizo lalikululo, chonsecho anthu a m'madera mwawo amakhoma msonkho mofanana ndi anzawo opambanawo. Funso lobisika pansi pa nkhaniyi ndi lakale kwambiri, ndipo si la akatswiri a zachuma okha: chuma chikakhala cha onse koma chosakwanira onse, kodi kuchiika pa mpikisano kumafafaniza ngongole ya boma kwa amene agonja? Ndikuti ayi. Mpikisano umayesa kukonzeka, suyesa kusowa kapena kuyenera kwa munthu, ndipo boma limene latenga zotsatira za mpikisano ngati chigamulo cha chilungamo lasokoneza zinthu ziwiri zosiyana.

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chinabala mipikisano imeneyi, chifukwa cholinga chake ndi chabwino. Mu Disembala 2019 bungwe la Brookings, mogwirizana ndi la ITIF, linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti pakati pa 2005 ndi 2017 mizinda isanu yokha, Boston, San Francisco, San Jose, Seattle ndi San Diego, inatenga gawo loposa 90 pa 100 la ntchito zatsopano za luso lapamwamba m'dziko lonse la America. Madera ena ambiri, makamaka amene kale ankadalira mafakitale a zitsulo, matayala ndi nsalu, ankangoonerera achinyamata awo ophunzira akusamuka. Pofuna kukonza zimenezi, lamulo la CHIPS and Science Act la mu 2022 linakhazikitsa ndondomeko ya Tech Hubs, yomanga malikulu atsopano a tekinoloje kunja kwa mizinda yolemera ija. Lamulolo linaloleza madola 10 biliyoni, koma nyumba ya malamulo poyamba inatulutsa madola 500 miliyoni okha. Mapempho anafika pafupifupi 400. Mu Okutobala 2023 madera 31 anapatsidwa dzina la Tech Hub, ndipo mu Julayi 2024 madera 12 okha mwa amenewo ndiwo anagawana madola 504 miliyoni. Ndiye kuti ndondomeko imene inabadwira otsalira m'mbuyo inasankha njira ya liwiro kuti ipeze woti imuthandize.

Kuti dera lipambane pa mpikisano wotere limafunika chiyani? Limafunika yunivesite yochita kafukufuku wozama, makampani olonjeza polemba kuti adzaika ndalama zawo ndi kulemba anthu ntchito, akuluakulu a boma la m'chigawo okonzeka kuwonjezerapo zawo, mabungwe ophunzitsa ntchito, ndi anthu odziwa kulemba pulopozo m'chinenero chimene oweruza amachikonda, anthu amene angasiye ntchito zina kwa miyezi ingapo n'kumangochita zimenezo. Mzinda wa Tulsa ku Oklahoma ukutiphunzitsa zambiri. Unapambana madola oposa 38 miliyoni mu 2022, n'kudzapambananso madola 51 miliyoni mu 2024 pa ntchito ya ndege zopanda woyendetsa ndi makina odziyendetsa okha. Kumbuyo kwa chipambanocho kuli bungwe la Tulsa Innovation Labs, limene linakhazikitsidwa mu 2020 ndi ndalama za George Kaiser Family Foundation, thumba lachifundo la mpondamatiki wa mumzindawo. Palibe chinyengo pamenepa, ndipo anthu a ku Tulsa anagwira ntchito yotamandika. Koma tawuni ina yofanana nayo pa umphawi, kapena yoiposa, imene ilibe mpondamatiki woiganizira, inalowa mpikisano womwewo ndi wogwira ntchito mmodzi wa kukhonsolo amene masana amayang'anira misewu ndi zimbudzi, usiku n'kumalemba pulopozo. Oweruza akayerekeza mapepala awiriwo mwachilungamo chonse, opanda tsankho ngakhale pang'ono, adzasankha loyamba. Vuto silili mwa oweruza. Lili m'chimene apatsidwa kuti ayese.

Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 5, uli ndi nkhani imene imaunika bwino chinthu chimenechi. Ku Yerusalemu, pafupi ndi Chipata cha Nkhosa, kunali thamanda lotchedwa Betesda, lokhala ndi makonde asanu momwe munkagona akhungu, olumala ndi opuwala. Anthu ankakhulupirira kuti madzi akavunduka, woyamba kulowamo ndiye amachira. Mawu ofotokoza za mngelo wovundula madzi sapezeka m'mipukutu yakale kwambiri, koma zimenezi sizisintha kanthu, pakuti dandaulo la wodwalayo likupezeka m'mipukutu yonse ndipo likuulula lamulo la pamalopo. Munthuyu anali atadwala zaka 38. Yesu atamufunsa ngati akufuna kuchira, iye sanadandaule kuti thamanda ndi lokondera kapena kuti wina amatseka njira. Anati alibe munthu womuika m'madzi, ndipo akamayesa kukwawa wina amamupitirira. Tiganizepo mofatsa. Lamulo la thamandalo linali lofanana kwa aliyense, losayang'ana nkhope, lopanda ziphuphu. Komabe linali lamulo lopatsa machiritso kwa wodwala amene ali ndi mphamvu zambiri kapena abale ambiri, ndiye kuti kwa amene akusowa machiritsowo pang'ono kuposa anzake. Matenda amene anamubweretsa munthuyu pa thamanda ndi omwewo amene ankamulepheretsa kulowamo. Chaka chilichonse chimene wagonja chinkamufooketsanso pa mpikisano wa chaka chotsatira. Ndipo Yesu, atafika pakati pa khamu lonselo, analunjika kwa amene lamulo la pamalopo silikanamufikira mpaka imfa.

Sindikunena kuti Uthenga wa Yohane ndi buku la kayendetsedwe ka chuma, kapena kuti unduna wa zamalonda ungachite zozizwitsa. Nkhaniyi ili ndi cholinga chake cha chikhulupiriro, chokhudza Sabata ndi ulamuliro wa Mwana. Koma imatiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amakono timakonda kuziphatikiza: njira yosakondera ndi njira yachilungamo. Njira ikhoza kukhala yoyera kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, n'kukhalabe yosafikira munthu amene inapangidwira.

Wina anganene kuti amenewa ndi maganizo a paguwa chabe, ndipo ndi bwino kufunsa ngati umboni ukugwirizana nawo. Mu 1968 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert K. Merton analemba m'magazini ya Science za chizolowezi chakuti wasayansi wotchuka kale amalandira ulemu ndi thandizo lochuluka kuposa mnzake wosadziwika, ngakhale ntchito yawo ikhale yofanana. Anachitcha dzina la mlaliki Mateyu, potengera mawu a kumapeto kwa fanizo la matalente onena za kuwonjezera kwa amene ali nazo kale. Patapita zaka 50, mu 2018, Thijs Bol, Mathijs de Vaan ndi Arnout van de Rijt anayesa nkhaniyi mwanzeru ku Netherlands. Anatenga asayansi achinyamata amene anapikisana pa thandizo la boma la kafukufuku, n'kuyerekeza amene anadutsa mzere wopambanira pang'ono chabe ndi amene anaperewera pang'ono chabe. Magulu awiriwa anali ofanana pa luso, popeza kusiyana kwa malikisi awo kunali kochepa zedi. Koma m'zaka zisanu ndi zitatu zotsatira, amene anapambana anasonkhanitsa ndalama za kafukufuku zoposa kuwirikiza kawiri za anzawo aja. Ofufuzawo sanapeze umboni wakuti kusiyanaku kunabwera chifukwa opambanawo anachita sayansi yabwino kuposa enawo. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali chakuti ambiri mwa ogonja anasiya kupikisana. Kafukufukuyu ndi wa anthu paokhapaokha, osati madera, ndipo sitiyenera kumukoka mopyola malire. Koma njira yake ndi yodziwika kwa aliyense amene waona momwe thandizo limayendera: wopambana lero amalemba chipambanocho pa pulopozo ya mawa, amalemba ntchito katswiri wokhazikika, amadziwana ndi oweruza pamisonkhano, pomwe wogonja amabwerera kwa makhansala ake amene amamufunsa chifukwa chake anawononga miyezi pachabe.

Popeza dzina la Mateyu lalowa, tiyankhe mtsutso umene Akhristu ena amaukonda. Iwo amati Yesu yemwe anavomereza kuti wochita bwino awonjezeredwe, ndipo waulesi alandidwe ngakhale chochepa chimene ali nacho, choncho mpikisano uli ndi dalitso la Malemba. Koma fanizo la pa Mateyu 25 silinena za mpikisano. Mbuye uja sanaike matalente pakati kuti antchito ake alimbirane. Aliyense anamupatsa gawo lake asanachite kalikonse, wina asanu, wina awiri, wina limodzi, ndipo ngakhale talente limodzilo linali chuma chambiri, malipiro a zaka zochuluka a munthu waganyu. Pobwera, sanayerekeze wantchito ndi mnzake. Wa matalente awiri, amene anapindula ochepa kuposa wa asanu, analandira chiyamikiro chofanana ndendende. Wachitatu anadzudzulidwa chifukwa anakwirira chimene anapatsidwa, osati chifukwa anzake anamuposa. Munthu amene akufuna kumanga ndondomeko ya boma pa fanizoli ayenera kuyamba ndi kupatsa dera lililonse mpamba wake, kenaka n'kulifunsa chimene lachita nawo. Kulanga dera chifukwa silinapindule ndi talente limene silinalandirepo ndi kuwerenga fanizo chadodolido.

Mtsutso wamphamvu kwambiri ndi wa akatswiri a zachuma, ndipo uyenera kupatsidwa ulemu wake wonse. Iwo amati luso lapamwamba silimera paliponse. Alfred Marshall anaona kale mu 1890 kuti mafakitale a mtundu umodzi amakonda kuunjikana malo amodzi, chifukwa pamenepo pamapezeka antchito aluso, ogulitsa zipangizo, ndi nzeru zimene zimayenda pakamwa pa anthu. Madola 504 miliyoni atagawidwa mofanana kwa opempha pafupifupi 400, aliyense akanalandira ndalama yongopitirira pang'ono miliyoni imodzi, yosakwanira ngakhale kumanga nyumba imodzi yochitiramo kafukufuku wa makompyuta a mtundu wa quantum amene dera la Colorado ndi New Mexico linalandirira madola pafupifupi 41 miliyoni. Kugawa kotero kungaoneke kokoma mtima koma kungakhale kutaya ndalama za okhoma msonkho, osauka omwe. Aristotle, m'buku lachitatu la Politics, anafunsa kuti zitoliro zabwino kwambiri ziperekedwe kwa ndani, ndipo anayankha kuti kwa odziwa kuziimba, osati kwa olemera kapena obadwira ku banja lachifumu, chifukwa chitoliro chinapangidwira kuimbidwa. Ngati cholinga cha ndalama ndi chakuti dziko likhale ndi fakitale ya mabatire kapena ya mankhwala imene ingapikisane ndi ya ku China, ipite kumene ingagwire ntchito.

Ndikuvomereza zonsezi, ndipo n'chifukwa chake sindikuti mipikisano ithe. Koma mfundo ya Aristotle ili ndi mbali ziwiri. Imati tifunse kaye kuti chinthu chikugawidwacho chinapangidwira chiyani. Ndondomeko zimenezi zinalengezedwa ndi zolinga ziwiri pamodzi: kulimbitsa dziko pa tekinoloje, ndi kudzutsa madera otsalira. Mpikisano ndi chida chabwino pa cholinga choyamba, koma pa chachiwiri ndi chida chobuntha, ndipo choopsa chimabwera pamene boma lakwaniritsa choyamba n'kulengeza kuti lakwaniritsa zonse. Apa ndi pamene John Rawls, m'buku lake la mu 1971 lonena za chilungamo, amatithandiza. Iye sanakane kusiyana kwa chuma, koma anati kusiyanako kungavomerezeke pokhapokha ngati kukukweza amene ali pansi kwambiri, ndiponso anati palibe amene anagwirira ntchito malo amene anayambira m'moyo. Dera silinasankhe kukhala ndi yunivesite yaikulu imene inamangidwa zaka 150 zapitazo, monganso lina silinasankhe kuti mgodi wake utsekedwe. Choncho kupatsa Colorado ndalama za kafukufuku wa quantum kukhoza kukhala kolondola, koma chifukwa chake si chakuti Colorado ndi woyenera kuposa anzake. Chifukwa chake ndi chakuti dziko lonse, kuphatikizapo ogonja, likuyembekezeka kupindula. Chiyembekezo chimenecho ndi lonjezo, ndipo lonjezo limafuna kukwaniritsidwa ndi kuonetsedwa, osati kungoganiziridwa.

Pali mtsutso wina umene aliyense wodziwa ndale amaumva msanga: mukachotsa mpikisano, chimene chimalowa m'malo mwake si chilungamo, koma nduna yogawira kwawo. Mantha amenewa ali ndi maziko. Ku England mu 2019 nduna zinasankha matawuni 101 oti apindule ndi thumba la Towns Fund popanda mpikisano wotseguka, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo yoona za ndalama za boma inanena mu 2020 kuti sinakhutire kuti kusankhako kunali kopanda kukondera. Koma dziko lomwelo likusonyezanso mtengo wa mpikisano. Thumba la Levelling Up Fund, la mapaundi 4.8 biliyoni, linalandira mapempho 834 pa zigawo ziwiri zoyamba, ndipo 216 okha ndiwo anapambana. Makhonsolo amene ndalama zawo zinali zitadulidwa kwa zaka khumi ankawononga pafupifupi mapaundi 30,000 pa pempho limodzi, kuphatikizapo kulipira akatswiri olemba mapulopozo. Choipitsitsa, pa chigawo chachiwiri boma linaganiza, mapempho ataperekedwa kale, kuti makhonsolo amene anapambana poyamba asalandirenso. Ganizolo palokha linali lofuna kufalitsa thandizo, koma komiti ija inapeza mu 2024 kuti makhonsolo 55 anawononga ndalama pa mapempho amene sakanapambana mwanjira iliyonse. Andy Street, amene panthawiyo anali meya wa West Midlands ndiponso wa chipani cholamula chomwecho, anadzudzula poyera kachitidweko nati kasandutsa madera kukhala opemphapempha ku London. Pa chigawo chachitatu, mu Novembala 2023, boma silinaitanenso mpikisano watsopano, linangosankha pa mapempho amene anagonja kale.

Choncho si zoona kuti tili ndi njira ziwiri zokha, liwiro kapena kukondera. Ilipo yachitatu, yakale ndithu, yogawa potsata muyeso wolembedwa m'lamulo umene aliyense angauwerenge. Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya umapereka gawo lalikulu la ndalama zake zachitukuko kwa madera amene chuma cha munthu mmodzi chili pansi pa 75 pa 100 ya chapakatikati cha mgwirizanowo. Dera silipikisana kuti lidziwike kuti ndi losauka, chiwerengero ndicho chimalankhula. Ku America, lamulo la Morrill la mu 1862 linapatsa chigawo chilichonse maekala 30,000 a malo pa phungu aliyense amene chinali naye, kuti chikhazikitse sukulu ya ukachenjede ya ulimi ndi zomangamanga. Malo amenewo, tisabise, anali olandidwa kwa eni nthaka a ku America, ndipo limeneli ndi banga losafafanizika pa lamulolo. Koma chimene chikutikhudza pano ndi ichi: mayunivesite monga Purdue, Illinois, Wisconsin ndi Montana State, a m'zigawo zimene zinapambana mu 2024, ndi ana a lamulo limeneli. Opambana ambiri a lero akuthamanga ndi miyendo imene makolo awo anaipatsidwa popanda mpikisano.

Makolo athu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ena amagwiritsa nzeru yomweyo poteteza mpikisano. Amati dera limene likufunadi chitukuko lidzuke lokha, ndipo ngakhale litagonja lapindulabe, chifukwa kukonzekera kwachititsa kuti yunivesite, makampani ndi khonsolo, amene kale sankalankhulana, akhale pansi pamodzi n'kupanga dongosolo. Muli choonadi m'menemo. Thandizo longogwa ngati mana, popanda eni dera kulikhetsera thukuta, kawirikawiri limathera m'nyumba zokongola zopanda ntchito. Ndiponso okonza mpikisano wa 2022 anachita chinthu chanzeru popatsa aliyense wa magulu 60 aja madola 500,000 kuti akonzere pempho lomaliza, kotero kuti 39 amene anagonja pamapeto sanachoke opanda kanthu. Koma mwambiwo umanena za munthu amene angathe kuimirira, ndi za chitseko chimene chimatseguka akachikankha. Sunena za chitseko chotsegukira anthu anayi pa zana lililonse. Ndipo phindu la kugwirizana limene amalitamalo limakhalitsa kumene kuli bungwe lolisunga. Kumene kulibe, mgwirizano umene unamangidwa pa chiyembekezo cha ndalama umabalalika tsiku lolengeza zotsatira, n'kusiya anthu okayikira kwambiri kuposa kale. Pali chinanso chimene chimandipweteka: kugonja kobwerezabwereza kumaphunzitsa dera kudziona lokha ngati lolephera, ndipo kumaphunzitsa a kulikulu kuliona chimodzimodzi. Umphawi umene unabwera chifukwa cha kutsekedwa kwa fakitale umayamba kuoneka ngati chilango cha ulesi. Ophunzira a Yesu anafunsapo za munthu wobadwa wakhungu kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake. Mtima wofuna kupeza tchimo kumbuyo kwa tsoka lililonse sunathe, wangosintha zovala, ndipo masiku ano umanyamula pepala la malikisi.

Owerenga a ku Malawi sakuona nkhaniyi patali. Kuyambira mu 2020, pansi pa ndondomeko ya GESD imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inaikamo madola 100 miliyoni, makhonsolo a m'maboma amayesedwa chaka ndi chaka, ndipo ndalama zina zachitukuko zimaperekedwa potengera momwe akhozera. Khonsolo imene yalephera mfundo zoyambirira, makamaka za kasungidwe ka mabuku a ndalama, ikhoza kuphonya thandizolo. Cholinga ndi chomveka, ndipo palibe amene angafune kuti ndalama zithiridwe mumtsuko wobooka. Ndondomekoyi ilinso ndi gawo lothandiza makhonsolo ofooka kuti akonze zinthu, ndipo gawo limenelo ndi limene liyenera kuyang'aniridwa kwambiri. Pakuti khonsolo ikaphonya, wolangidwa weniweni si amene analephera kulemba mabuku. Ndi mayi woyembekezera wa kumudzi amene chipatala chake chaching'ono sichimangidwa chaka chimenecho, amene analangidwa kale poyamba pokhala pansi pa khonsolo yofookayo.

Kodi tsono mpikisano wovomerezeka pamaso pa chikumbumtima ungaoneke bwanji? Zizindikiro zake zilipo kale m'ndondomeko zomwezi, ngakhale zili zazing'ono. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 bungwe la National Science Foundation linayambitsa EPSCoR, ndondomeko yothandiza zigawo zimene zinkangogonja pa mipikisano ya ndalama za kafukufuku kuti zimange mphamvu zopikisanira. Lamulo la Tech Hubs linalamula kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a madera osankhidwa likhale lopindulira midzi ndi matawuni aang'ono, ndipo pambali pa madera 31 aja panaperekedwanso timathandizo 29 tokonzera mapulani. Lamulo lomwelo la 2022 linakhazikitsa Recompete, yolunjika madera amene anthu ambiri a msinkhu wogwira ntchito alibe ntchito, ndipo mu Ogasiti 2024 madera asanu ndi limodzi anagawana madola 184 miliyoni. Zonsezi ndi kuyesa kupereka munthu wonyamula wodwala. Koma taonani kuti Recompete nayo inali mpikisano, wa osauka okhaokha, wokhala ndi mapempho oposa 500. Mtima wa boma umaonekera pa kukula kwa thumba lililonse ndi pa chimene chimayamba. Chilungamo chikufuna kuti gawo losapikisanitsa likhale maziko, lokwanira kulipira anthu okhazikika odziwa mapulani ndi kuwerengera ndalama m'dera lililonse, kwa zaka zambiri, ndipo mpikisano ukhale pamwamba pa maziko amenewo. Chikufunanso kuti malamulo asasinthidwe masewera ali mkati, kuti wogonja auzidwe momveka pamene anaperewera, ndi kuti mtengo wopikisanira usagwere pa thumba la amene alibe.

Kwa wopambana, zotsatira za mfundoyi n'zolemera kuposa chikondwerero cha tsiku lolengeza. Ngati chipambano si umboni wa kuyenera, ndiye kuti ndalamazo si mphotho. Ndi katundu wa eni ake amene waikizidwa, ndipo eni akewo akuphatikizapo madera amene anagonja. Mu Januwale 2025 madera ena asanu ndi limodzi a Tech Hubs, kuphatikizapo Spokane ndi Birmingham ya ku Alabama, analonjezedwa madola 210 miliyoni, koma mu Meyi chaka chomwecho boma latsopano linabweza lonjezolo n'kunena kuti mpikisano uyambirenso. Kachitidwe kameneka kanapweteka anthu amene anali atayamba kale kukonzekera, ndipo kakuwononga chikhulupiriro chimene mpikisano uliwonse umadalira. Kakuonetsanso kuti ndalama za boma sizisanduka za wopambana pa tsiku limene wapambana. Iye amakhala woyankha mpaka pamapeto, kwa boma ndi kwa anthu.

Ndipo funso limene linali pakati pa dera ndi dera limabadwanso mkati mwa dera lopambanalo. Ku Tulsa komweko kuli Greenwood, kumene mu 1921 gulu la azungu linatentha nyumba ndi mabizinesi a anthu akuda n'kupha anthu ambiri, ndipo kumpoto kwa mzindawo kudakali kosauka poyerekeza ndi kumwera. Olemba pulopozo ya mzindawo anaikamo Greenwood, ndipo anachita bwino. Koma ntchito za ndege zopanda woyendetsa zikayamba kulengezedwa, padzakhalanso mpikisano, wa ofuna ntchito, wa makampani aang'ono ofuna makontirakiti, wa ana ofuna malo a maphunziro. Adzayamba kufika ndi amene ali ndi digiri, galimoto ndi wachibale wodziwa kumene mafomu akupezeka. Atsogoleri amene anadandaula kuti San Francisco ndi Boston akudya okha adzayenera kusonyeza, ndi mayina a masukulu ndi chiwerengero cha olembedwa ntchito kuchokera kumpoto kwa mzindawo, kuti iwo agawa mosiyana ndi mmene anagawiridwira.